Mabungwe achifundo a mabanja: momwe thandizo lawo limafikira magulu a kwa Mwadzama

M'dera la mfumu yaikulu Mwadzama, kummwera kwa boma la Nkhotakota, ntchito zambiri zosamalira anthu zili m'manja mwa magulu ang'onoang'ono a m'midzi. Ndiwo amaphika phala m'sukulu za mmera mpoyamba, amayendera odwala m'makomo, amalondola atsikana amene asiya sukulu ndiponso amayang'anira usodzi m'madooko. Anthu odzipereka alipo, koma ndalama zoyendetsera ntchitozi n'zochepa. Chiyambireni chaka cha 2025, pomwe dziko la America lidadula thandizo lomwe linkadzera ku bungwe la USAID, maso a magulu otere m'dziko muno atembenukira ku mabungwe achifundo omwe adakhazikitsidwa ndi mabanja olemera. Thandizo la mabungwe amenewa lili ndi njira yakeyake yoyendera, ndipo gulu lomwe silikuidziwa njirayo limangomva kuti ndalama zidadutsa.

Bungwe lachifundo la banja n'chiyani?

Ili ndi bungwe lomwe munthu mmodzi kapena banja limakhazikitsa popatula gawo la chuma chake kuti chizithandiza anthu. Chuma chikangoperekedwa ku bungwelo sichikhalanso cha banjalo, koma abale a m'banjamo amakhala mu bodi yoyendetsa bungwe ndipo ndiwo amagamula za komwe ndalama zipite. Kawirikawiri bungwe lotere silimanga lokha sukulu kapena kukumba mjigo. Limapereka ndalama zosabweza kwa mabungwe ena omwe akugwira kale ntchitoyo.

Apa ndi pomwe limasiyanirana ndi mabungwe ena omwe Amalawi adazolowera. USAID inkagwiritsa ntchito misonkho ya anthu a ku America ndipo inkatsata ndondomeko za boma lawo. Mabungwe ngati World Vision ndi Save the Children amasonkhetsa ndalama kwa anthu ambirimbiri ndi maboma, kenako n'kugwira ntchito kudzera mwa antchito awo. Bungwe la banja limadalira thumba limodzi, ndipo ogamula ake amatha kukwana patebulo limodzi.

Gwero la ndalama

Chuma chomwe banja lapereka sichigawidwa chonse nthawi imodzi. Chimaikidwa m'masheya a makampani ndi m'malonda ena kuti chizibereka phindu, ndipo phindulo ndilo limagawidwa chaka ndi chaka. Ku America, komwe kuli mabungwe ochuluka a mtundu umenewu, malamulo a misonkho amalamula bungwe lililonse kugwiritsa ntchito pafupifupi 5 peresenti ya chuma chake pa ntchito zachifundo chaka chilichonse. Mwachitsanzo, bungwe lomwe lili ndi madola 10 miliyoni liyenera kutulutsa pafupifupi madola 500,000 pachaka. Bungwe lililonse limadzazanso fomu ya misonkho yotchedwa 990-PF, yomwe imaonetsa mayina a olandira thandizo ndi ndalama zomwe aliyense adalandira. Fomuyi ndi yapoyera, moti aliyense amene ali ndi intaneti akhoza kuiona n'kudziwa ngati bungwe lakutilakuti limathandizadi ku Malawi.

Kuno kwathu chitsanzo chapafupi cha kayendetsedwe kotere ndi Press Trust. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Hastings Kamuzu Banda, adaikhazikitsa m'chaka cha 1982, ndipo lamulo la 1995 lidaisintha kuti izitumikira Amalawi onse. Press Trust ili ndi masheya mu kampani ya Press Corporation, ndipo phindu la masheyawo ndilo imamangira zipinda za sukulu ndi zipatala. Lero si ya banja lililonse, koma ikuonetsa bwino mfundo yake: ng'ombe saipha, amangokama mkaka.

Mabungwe omwe adziwika m'Malawi

Limodzi mwa mabungwe akale kwambiri ndi Beit Trust, yomwe idachokera mu wilo ya Alfred Beit, mnzake wa Cecil Rhodes yemwe adalemera ndi migodi ya diamondi ndi golide ku South Africa ndipo adamwalira mu 1906. Bungweli limathandiza mayiko atatu okha: Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Limakonda ntchito zomanga monga zipinda zophunzirira, malo ogona ophunzira, nyumba za aphunzitsi ndi zipinda za odwala, ndipo thandizo lake kawirikawiri silipitirira mapaundi 50,000. Dzina lake likuoneka pa chipatala cha mafupa cha Beit CURE mumzinda wa Blantyre.

Bungwe la Firelight Foundation adaliyambitsa ndi Kerry Olson ndi mwamuna wake David Katz mu 1999 ku California. Nthawi imeneyo Edzi inali itasiya ana amasiye ochuluka kummwera kwa Africa, ndipo bungweli lidasankha kupereka ndalama zochepazochepa mwachindunji kwa magulu a m'midzi omwe ankasamalira anawo. M'Malawi lagwirapo ntchito ndi Namwera AIDS Coordinating Committee ya ku Mangochi komanso Nkhotakota AIDS Support Organisation, yomwe ambiri amangoitchula kuti NASO, pa ntchito yothandiza ophunzira, makamaka atsikana, m'sukulu za sekondale zoyendera.

Segal Family Foundation idayambitsidwa mu 2004 ndi Barry Segal wa ku New Jersey, yemwe adapeza chuma pa kampani yogulitsa zipangizo zofolerera nyumba ya Bradco Supply. Bungweli limadziwika pa zinthu ziwiri: limakonda mabungwe otsogoleredwa ndi anthu a mu Africa momwemo, ndipo limapereka ndalama zomwe wolandira amasankha yekha pozigwiritsa ntchito. Lidakhazikitsanso ndondomeko yophunzitsa atsogoleri a mabungwe ang'onoang'ono yotchedwa Social Impact Incubator, yomwe idayambira ku Burundi kenako n'kufika ku Malawi.

Katswiri wa masewero a tenesi Roger Federer adakhazikitsa bungwe lake mu 2003, ndipo makolo ake ndi mkazi wake akhala ali mu bodi. Kuyambira mu 2011 bungweli lidagwirizana ndi ActionAid Malawi pa ntchito yotukula sukulu za mmera mpoyamba, ndipo mwini wake adafika m'dziko muno mu 2015 kudzaona ntchitoyo.

M'boma la Nkhotakota momwemo muli chitsanzo cha thandizo lalikulu. Bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 lidasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Mu 2017 Wyss Foundation, ya mpondamatiki wa ku Switzerland Hansjörg Wyss, idalonjeza African Parks madola 65 miliyoni othandizira nkhalango zingapo, kuphatikizapo ya Nkhotakota. Ndalama zochuluka chomwechi zimapita kwa mabungwe aakulu okhala ndi akatswiri owerengera chuma. Gulu la kumudzi limayembekezera thandizo la mtundu wa Firelight, la madola masauzande ochepa.

Dera la Mwadzama ndi magulu ake

Boma la Nkhotakota lili ndi anthu oposa 390,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Dera la Mwadzama lili m'mbali mwa msewu wa M5 wochokera ku Salima, ndipo malo ake odziwika a zamalonda ndi Benga, komwe kulinso parishi ya Katolika ndi chipatala cha mishoni cha Alinafe. Anthu a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi ndi ya Chia amadalira usodzi wa usipa, utaka, chambo ndi kampango, pomwe ena amalima mpunga, chinangwa, chimanga ndi mtedza.

Mavuto a derali ndi omwe amadziwika m'madera onse a kunyanja. Malungo ndi likodzo sizisowa. Nsomba zikucheperachepera. Anyamata amakopeka ndi ndalama za kudooko n'kusiya sukulu, pomwe atsikana ena amalowa m'banja asadakhwime. Kolera yemwe adavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023 adakantha kwambiri maboma a kunyanja, kuphatikizapo Nkhotakota.

Magulu omwe amalimbana ndi mavutowa ndi amitundumitundu. Pali ma CBO omwe ambiri adabadwa m'nyengo ya mliri wa Edzi, pomwe National AIDS Commission inkapereka ndalama kwa magulu a m'midzi kudzera m'makhonsolo. Pali makomiti a sukulu za mmera mpoyamba, magulu a amayi oyang'anira atsikana m'sukulu, makalabu a achinyamata, magulu a mipingo ndi mizikiti, ma banki m'khonde ndi makomiti a m'madooko omwe amathandizana ndi nthambi ya boma yoona za usodzi. Zosowa zawo zimakhala zazing'ono poyerekeza ndi mabajeti a mabungwe aakulu: malata ofolerera sukulu ya ana, ufa wa phala, njinga za oyendera odwala, fizi ndi yunifolomu za ana ochepa, mbande za mitengo.

Njira zomwe ndalama zimadzera

Njira yoyamba ndi yachindunji, pomwe bungwe la banja limatumiza ndalama ku akaunti ya gulu lenilenilo. Njirayi siichitikachitika kwa magulu ang'onoang'ono. Malamulo a ku America amafuna kuti bungwe lotumiza ndalama kunja litsimikize kuti wolandirayo ndi wofanana ndi bungwe lachifundo la kwawoko, kapena lilondoloze lokha momwe tambala iliyonse yagwirira ntchito. Zonse ziwirizi zimadya nthawi ndi ndalama, choncho mabanja ambiri amazipewa pa thandizo laling'ono.

Njira yachiwiri, yomwe ndi yofala, ndi yodzera mwa mkhalapakati. Bungwe la banja limapereka ndalama ku bungwe lokhazikika la m'dziko muno, lomwe limagawira magulu a m'midzi, kuwaphunzitsa ndi kulemba malipoti. Umu ndi momwe thandizo la Roger Federer lidafikira makomiti a sukulu za ana kudzera ku ActionAid. Kwa gulu la kwa Mwadzama, khomo lenileni nthawi zambiri limakhala bungwe la pa boma la Nkhotakota kapena la ku Lilongwe, parishi kapena chipatala cha mishoni.

Njira yachitatu ndi yochita kuitanidwa. Mabungwe ambiri a mabanja salandira makalata opempha thandizo kuchokera kwa anthu omwe sakuwadziwa. Amafunsa mabungwe omwe akugwira nawo kale ntchito, amatumiza antchito awo kukaona, kenako amaitana gulu lomwe lawagwira mtima kuti lilembe pempho, lomwe ambiri amalitcha propozo. Mbiri ya gulu imayenda patsogolo pa kalata yake. Gulu lomwe limapezeka pa misonkhano ya chitukuko, lomwe alangizi a boma amalidziwa ndiponso lomwe lidasamala thandizo laling'ono loyamba ndilo limatchulidwa pomwe alendo afunsa.

Zomwe gulu liyenera kukhala nazo

Choyamba ndi kudziwika mwalamulo. CBO imalembetsa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya khonsolo, itavomerezedwa ndi mafumu ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC. Gulu lomwe lakula n'kufuna kukhala bungwe lomwe si laboma limalembetsa pansi pa lamulo la matrasti kapena la makampani, kenako ku NGORA, nthambi yomwe idalowa m'malo mwa NGO Board lamulo la mabungwe litasinthidwa mu 2022. NGORA imafuna malipoti a chaka ndi chaka, kuphatikizapo a kayendetsedwe ka ndalama. CONGOMA ndi mgwirizano wa mabungwewa. Ntchito yatsopano isadayambe m'boma, mwambo wake ndi woti ikafotokozedwe ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ya DEC.

Chachiwiri ndi dongosolo la m'kati mwa gulu: malamulo olembedwa, komiti yosankhidwa yomwe imasinthidwa nthawi yake ikakwana, buku la mfundo za misonkhano ndi akaunti ya kubanki ya m'dzina la gulu yosainira anthu awiri kapena atatu. Wothandiza akapeza kuti wapampando, mlembi ndi msungichuma ndi a nyumba imodzi, kapena kuti ndalama zimalowa pa nambala ya foni ya munthu mmodzi, amabwerera m'mbuyo.

Chachitatu ndi umboni wa ntchito. Kaundula wa ana omwe amabwera ku sukulu ya mmera mpoyamba, mayina a odwala omwe ayenderedwa, malisiti a zinthu zogulidwa ndi buku la ndalama zolowa ndi zotuluka zimalankhula kuposa mawu okoma a m'kalata. Mabungwe ambiri amafunanso ndondomeko yolembedwa yotetezera ana ku nkhanza. Amafunsanso chomwe mudzi udzasonkhe: mchenga, miyala, malo kapena manja.

Pempho labwino limatchula vuto limodzi, anthu omwe akhudzidwa, zomwe gulu lachita kale ndi mphamvu zake, ndalama zomwe zikufunika ndi zomwe zidzakhale zitasintha pakutha pa chaka. Anthu ayeneranso kuchenjera ndi akamberembere omwe amayenda m'midzi kapena kutumiza mauthenga pa WhatsApp n'kumati gulu lilipire kaye ndalama kuti lilandire thandizo. Bungwe lachifundo lenileni sililipiritsa wopempha.

Mitundu iwiri ya thandizo

Pali ndalama zomangidwa ku ntchito imodzi, zomwe sizingagwire ntchito ina popanda chilolezo. Ngati zidaperekedwa kuti zigule njinga, sizingagule ufa wa phala ngakhale ana atagona ndi njala. Palinso ndalama zosamangidwa, zomwe gulu limagwiritsa ntchito molingana ndi zosowa zake, kuphatikizapo lendi ya ofesi, mayendedwe ndi kangachepe kwa odzipereka. Mtundu wachiwiriwu ndiwo udatchukitsa mabungwe ngati Segal, ndipo ndi wofunika kwambiri m'dera lomwe mvula imodzi ikhoza kugwetsa sukulu ya ana kapena kukokolola minda ya mpunga ndondomeko ya chaka italembedwa kale.

Kusintha kwa mphamvu ya kwacha kumakhudzanso thandizoli. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi. Thandizo la madola 5,000 lomwe linkakwana pafupifupi K5.9 miliyoni lidafika pa K8.5 miliyoni, koma mitengo ya simenti, malata ndi mafuta idakweranso. Gulu lomwe lidasaina mgwirizano m'makwacha lidapezeka kuti ndalama zake sizikukwaniranso zomwe lidalonjeza. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsa mgwirizano usadasainidwe kuti thandizolo lawerengedwa mu ndalama ya dziko liti.

Ubwino ndi zovuta zake

Ubwino waukulu ndi kufulumira ndi kufewa. Popeza ogamula ndi ochepa, chiganizo chimapangidwa msanga, mapepala amachepa ndipo ubale umatha kukhala wa zaka zambiri. Bungwe la banja likhoza kuyesa gulu latsopano lomwe bungwe la boma silingaliyang'ane n'komwe. Thandizo loyamba lotere limatsegulanso makomo ena, chifukwa othandiza amamvana okhaokha.

Koma walira mvula walira matope. Kuchepa kwa ogamula komweko kumachititsa kuti thandizo lithe mosayembekezereka. Woyambitsa akamwalira, ana ake akhoza kukonda ntchito ina kapena dziko lina. Masheya akagwa, ndalama zogawa zimachepa. Mabungwe ena amadziikira okha tsiku lotseka, monga Gates Foundation yomwe idalengeza mu May 2025 kuti idzatseka pakutha pa chaka cha 2045. Anthu a kwa Mwadzama akhoza kufunsa khansala kapena phungu wawo za ndalama za boma, koma alibe pokasuma banja la ku New Jersey likasintha maganizo.

Vuto lina ndi loti ndalama zimatha kupotoza cholinga cha gulu. Gulu lomwe lidayamba ndi kusamalira okalamba limapezeka likudzala mitengo chifukwa n'komwe kwamveka ndalama, ndipo ntchito yoyamba imafa. Ndalama zikalowa mobisa zimabweretsanso kukayikirana pakati pa komiti, mafumu ndi anthu wamba. Magulu omwe amapewa zimenezi ndi omwe amalengeza pamsonkhano wa mudzi ndalama zomwe zabwera, zomwe zagulidwa ndi zomwe zatsala.

Palinso kukondera kosachita kufuna. Mapempho amalembedwa m'Chingerezi ndipo amatumizidwa pa intaneti, choncho gulu lomwe lili pafupi ndi msewu wa M5, lokhala ndi mphunzitsi wopuma ntchito kapena wachinyamata wodziwa kompyuta, limakhala ndi mwayi kuposa la kutali ndi msewu lomwe mwina likugwira ntchito yoposa. Apa ndi pomwe mabungwe a mkhalapakati ndi alangizi a chitukuko a khonsolo ali ndi udindo wofufuza magulu obisika.

Malire a thandizoli

Dziko la America linkapereka ku Malawi madola oposa 350 miliyoni pachaka, mbali yaikulu ikupita ku zaumoyo. USAID idatsekedwa mu July 2025, ndipo palibe bungwe la banja lomwe lingatseke lokha dzenje lotere. Mankhwala a m'zipatala, malipiro a aphunzitsi ndi misewu zidzakhalabe udindo wa boma ndi misonkho ya Amalawi. Malo a mabungwe a mabanja ali pa ntchito zing'onozing'ono zapafupi ndi anthu, zomwe ndalama zochepa zimasintha zinthu zooneka ndi maso.

Pomwe opempha achuluka chomwechi, othandiza akusankha mosamala kwambiri, ndipo funso lomwe amafunsa kawirikawiri ndi lakuti ntchitoyo idzapitirira bwanji iwo akadzachoka. Gulu lomwe lili ndi munda wake wa chimanga ndi soya wa phala la ana, lomwe mamembala ake amasonkha kangachepe ku banki m'khonde, kapena lomwe asodzi ndi amalonda a pa Benga amalithandiza, limakhala ndi yankho. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa magulu a kwa Mwadzama, fodya ameneyo ndi satifiketi ya kukhonsolo, buku la ndalama lolembedwa bwino ndi chikhulupiriro cha anthu a m'mudzi, ndipo zonsezi zimatheka kukonzedwa wothandiza asadafike.